Phunziro la Mwezi Uno: Njira Imene Mankhwala Ayenda Kufikira ku Chambe

Mtsinje wa Ruo, umene utuluka m'phiri lathu lomwe lino la Mulanje, ukathira m'Shire ku Chiromo. Pafupi ndi mathiriro amenewo panafera Bishopu Charles Mackenzie pa 31 January, 1862. Iye anafika m'dziko muno chaka cha 1861, namanga ku Magomero. Ndipo m'mene analikutsika ndi madzi kukakomana ndi Dr. David Livingstone, bwato lao linagubuduzika, mankhwala ao namira, pamodzi ndi kwinini yense. Malungo anamgwira, namwalira. Mnzache Henry Burrup anamuika m'manda, nabwerera ku Magomero ali wodwala, ndipo iyenso anamwalira mwezi wotsatawo. Tsono taonani, abale: nthenda yao inali yodziwika, mankhwala ache analinso odziwika. Chinasowa ndicho kuti mankhwalawo akhale m'dzanja la wodwala tsiku limene anawafuna.

Papita zaka zoposa 160, ndipo mankhwala athu sayendanso pabwato. Koma mau akuti "mankhwala atha, mukagule" palibe mmodzi wa ife amene sanawamve, kapena ndi makutu ache, kapena kwa mbale wache wochokera ku chipatala china. Ena pakumva mau awa angoti ndilo tsoka lao. Ena atukwana namwino. Ena atembenuka kunka kwa wogulitsa pamsika. Ine ndiyesa kuti munthu wodziwa kuwerenga sayenera kulekera pomwepo. Chifukwa chache mwezi uno tilondole njira ya mankhwala monga mlenje alondola mapazi a nyama, kuti tione pamene iduka, ndi pamene ife eni mudzi tikhoza kuilumikiza.

Tiyambe ndi lamulo. M'zipatala za Boma, monga chaching'ono cha pa Chambe ndi chachikuru cha pa boma pa Mulanje, wodwala salipira kuti aonane ndi dotolo, salipiranso mankhwala. Koma Boma silinalonjeze mankhwala onse a pa dziko lapansi ai. Chaka cha 1977 bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo m'maiko onse, linalemba mndandanda wa mankhwala osayenera kusowa pakati pa anthu, ndipo maiko anayamba kulemba yao potsata umenewo. Dziko lathunso liri nao wache; ndipo kuyambira 2004 Boma linasankha nthenda zimene zipha anthu ambiri, monga malungo, chibayo, chifuwa chachikuru, kutsegula m'mimba, Edzi ndi mabvuto a uchembere, niliti izi ndizo zoyamba kuthandizidwa kwaulere. Ndipo mankhwala ena aloledwa pa chipatala chachikuru pokha, pamene pali dotolo wodziwa kuwayang'anira. Potero mukamva pa chipatala chaching'ono kuti "awa tiribe, pitani ku boma," si nthawi zonse kuti atha. Kapena sanaloledwe kukhala pamenepo chiyambire.

Zipatala za mishoni ziri ndi makhalidwe ena. Chipatala cha Mulanje Mission, cha Sinodi ya Blantyre, ndi cha Holy Family ku Phalombe, cha Akatolika, ziri m'bungwe la CHAM, limene linayamba 1966, ndipo zipatala zache zigwira ngati gawo limodzi la magawo atatu a nchito yonse ya chipatala m'dziko muno. Boma lilipira anchito ao ambiri, koma mankhwala ambiri azigulira okha. Ndicho chifukwa chache apempha ndalama kwa wodwala. Katemera, mankhwala a chifuwa chachikuru ndi a Edzi ndi aulere kumenekonso. Ndipo kuyambira 2006 Boma linayamba kupangana ndi zipatala zina za mishoni kuti amai apakati ndi makanda athandizidwe osalipira, Boma nilibweza ndalamazo pambuyo pache. Pangano ili lapulumutsa amai ambiri. Koma liyenda bwino pokhapo Boma libweza msanga. Likachedwa miyezi, chipatala chimene chinathandiza kwaulere chitsala chopanda chogulira mankhwala ena.

Tsono mbulu umodzi wa mankhwala uchokera kuti? M'dziko muno muli mafakitale owerengeka opanga mankhwala. Ochuruka apangidwa kutsidya la nyanja, makamaka ku India. Akwera sitima ya pamadzi, natsikira pa madoko a anzathu, monga Beira kapena Dar es Salaam, popeza ife tiribe doko la nyanja yamchere. Kuchokera kumeneko adza pa galimoto kufikira ku nkhokwe ya Boma yochedwa Central Medical Stores Trust, imene kuyambira 2012 iyenda ngati bungwe loima palokha, ndipo iri ndi nyumba zosungiramo ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Mwezi ndi mwezi wosunga mankhwala pa chipatala chaching'ono alemba chimene chatuluka ndi chimene chatsala, natumiza kwa akuru a pa boma. Iwo naitanitsa ku nkhokwe. Nkhokwe nitumiza galimoto. Muone kuchuruka kwa manja amene mbulu umodzi upitamo. Dzanja limodzi likachedwa, onse a m'mbuyo mwache achedwa nalo.

Poduka poyamba ndi pa ndalama, ndipo pano ndifuna tikhalitse pang'ono, pakuti ambiri sapazindikira. Mwini fakitale wa ku India salandira kwacha, afuna madola. Madola dziko liwapeza pogulitsa fodya, tiyi wa m'minda yotizinga ino, shuga ndi zina; ndipo zimene tigulitsa kunja ziri zochepa poyerekeza ndi zimene tigula. Mafuta a galimoto afuna madola omwewo, feteleza afuna omwewo, mankhwala afuna omwewo. M'mwezi wa May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo m'November 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100, kotero kuti dola imodzi, imene inali pafupi K1,180, inafika pa K1,700. Werengani nokha pa sileti: bokosi la madola 100 limene dzulo lache linali K118,000, m'mawa mwache linasanduka K170,000. Bokosi lomwelo, mibulu yomweyo. Ndalama zimene Nyumba ya Malamulo inapatula kuti zigule mabokosi khumi, zinatha pa mabokosi asanu ndi awiri. Odwala a mabokosi atatu otsalawo ndiwo aja auzidwa pa zenera kuti akagule.

Palinso mangawa. Nkhokwe ipereka mankhwala ku zipatala, niiyembekeza kulipidwa ndi Boma. Malipiro akachedwa, iyonso ichedwa kulipira amalonda amene anaibweretsera katundu, ndipo wamalonda wosalipidwa sabweranso msanga. Chaka cha 2001 atsogoleri a maiko a Afrika anasonkhana ku Abuja m'dziko la Nigeria, napangana kuti pa ndalama 100 ziri zonse za Boma, 15 zidzipita ku za umoyo. Dziko lathu zaka zambiri silinafikepo. Ichi ndi chinthu choyenera kufunsa phungu pamene adza kudzapempha mavoti, koposa kumfunsa za bokosi la maliro. Pakuti phungu amene agula mabokosi, osalankhula za mankhwala m'Nyumba ya Malamulo, athandiza mochedwa.

Koma wina adzati, Nanga bwanji mankhwala ena sakutha kawirikawiri? Inde, funso ili ndi labwino. Amene amwa ma ARV adziwa kuti nthawi zambiri awapeza, ngakhale tsiku lomwelo mnzao wa nthenda ya shuga abwerera chimanjamanja. Mbiri yache ndi iyi. Chaka cha 2000 mankhwala a Edzi a munthu mmodzi anali kugulidwa madola oposa 10,000 pa chaka, chifukwa makampani amene anawatulukira anali ndi chilolezo chakuti iwo okha ndiwo awapange. Masiku amenewo tinaika anthu m'manda sabata ndi sabata, aphunzitsi, anyamata a m'minda ya tiyi, amai osiya ana oyamwa. Pamene ku Ulaya odwala nthenda yomweyo analikuchira ndi kubwerera ku nchito. M'February 2001 kampani ya ku India yochedwa Cipla inanena kuti ikhoza kupanga mankhwalawo pa madola 350 pa chaka, ndiko kuti osafika dola imodzi pa tsiku. M'November chaka chomwecho maiko anabvomerezana ku Doha kuti malamulo a malonda asatsekereze dziko kuteteza moyo wa anthu ache. Chaka chomwechonso madotolo a Médecins Sans Frontières anayamba kupereka mankhwalawa kwa anansi athu a ku Chiradzulu, ndipo 2003 ku Thyolo, naonetsa kuti munthu wa kumudzi akhoza kumwa mankhwala ache mokhulupirika monga wa m'tauni, chinthu chimene akuru ena a kunja anali kukana. Kufikira pamenepo m'zipatala zazikuru za Boma munthu analipira K2,500 pa mwezi. M'June 2004 Boma linayamba kupereka kwaulere, ndi ndalama za thumba la Global Fund. Ndipo pofika 2023 anthu oposa 900,000 m'dziko muno analikumwa mankhwalawa.

Tsono mankhwala awa, pamodzi ndi a malungo ndi a chifuwa chachikuru, ali ndi njira yaoyao. Wolipira alipira m'madola, pa nthawi yache, ndipo afuna kuwerengeredwa botolo liri lonse: odwala angati, mabotolo angati anatuluka, angati atsala. Oyendera afika pa chipatala miyezi itatu iri yonse kudzaona mabuku. Apa ndipo pagona phunziro lathu: mankhwala afika pamene pali wolipira msanga ndi wowerenga mosamala. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a mphumu ndi a khunyu alibe mwini wotere wa kunja. Adalira thumba la Boma lokha, ndipo ndiwo ayamba kusowa. Nthenda zimenezi sizifuna mankhwala a masiku atatu, zifuna a moyo wonse. Mwana wa khunyu akadukiza mankhwala agwanso, kapena pamoto, kapena pamtsinje. Nkhalamba ya kuthamanga kwa magazi ikadukiza miyezi iwiri ikhoza kufa ziwalo, anthu nayamba kuloza zala kwa mnansi wosachimwa.

Ndipo tisayese kuti njira ya alendoyo ndi ya muyaya. M'January 2025 Boma la America linaimitsa thandizo lache la maiko akunja, ndipo m'July chaka chomwecho bungwe lao la USAID linatsekedwa. Ma ARV sanathe pomwepo, popeza ambiri agulidwa ndi Global Fund. Koma anchito ena amene analipidwa ndi ndalama za ku America analeka, ndi nchito zina zinaima. Akuru anati fodya wako ndiye ali pamphuno. Dziko limene moyo wa anthu ache pafupi miliyoni imodzi ulindira chifundo cha nyumba ya malamulo ya dziko lina, liyenera kuyamika, inde, koma lisagone tulo.

Kufikira pano tanena za akuru a ku Lilongwe ndi a kutsidya la nyanja, ndipo nkokoma kunena za iwo, pakuti sali pano. Tsopano tinene za ife. Mankhwala ena afika ndithu pa chipatala, koma atulukira pakhomo la kumbuyo. Kuba kumeneku kunakula kotero kuti chaka cha 2016 Unduna wa za Umoyo unakhazika kagulu kofufuza akuba mankhwala, ndipo 2019 panakhazikidwa lamulo latsopano la mankhwala, la zilango zowawa koposa lakale. Koma mbala siba chinthu chopanda msika. Agula ndani? Si ife kodi? Munthu amene agula LA kapena amoxicillin pa thebulo la pamsika, pakati pa sopo ndi machesi, alipira kawiri chinthu chimene chinali chache kale, nalimbitsa mtima wa wakubayo kuti akabenso mwezi wa mawa. Ndiponso sadziwa chimene wagula. Mankhwala okhala padzuwa afooka. Ena anapitirira masiku ao. Ena ndi ufa chabe woumbidwa ngati mbulu. Ngati mwauzidwa kukagula, ndipo muli nayo ndalama, pitani ku sitolo ya mankhwala yokhala ndi chilolezo, mutatenga kabuku kanu m'mene dotolo analemba dzina ndi muyeso.

Pali kuba kwinanso kumene sitikuyesa kuba. Munthu amva kuti galimoto ya mankhwala yafika, nanka ku chipatala ali bwinobwino, nanamizira mutu ndi msana, kuti asunge mibulu m'chitini kudikira tsiku loipa. Ndimvetsa mantha ache, anabwererapo chimanjamanja. Koma akachita chotero anthu makumi asanu, mankhwala a mwezi wathunthu atha sabata yoyamba, ndipo wodwala weniweni wa sabata yachitatu apeza m'nkhokwe mopanda kanthu. Za abale athu a kutsidya la Muloza, amene aoloka kudzafuna thandizo kuno, ena adandaula kuti atithera mankhwala. Zoona, chiwerengero cha 2018 chinapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, ndipo odza kuchokera ku Mozambique sali m'chiwerengerocho. Koma ambiri a ife makolo athu anaoloka malire omwewo. Chofunika ndicho kuti alembedwe bwino m'mabuku a chipatala, kuti oitanitsa mankhwala aitanitse okwanira, si kuwapitikitsa ai.

Chinthu china chiononga mankhwala ali m'dzanja lathu lomwe, ndicho kusatsiriza. Akuru akumbukira chloroquine, m'mene anali kuchiritsa malungo. Patapita zaka tizirombo ta malungo tinamzolowera, ana nayamba kufa atamwa mankhwala. Ndipo 1993 dziko lathu linakhala loyamba m'Afrika kumsiya ndi kutenga Fansidar. Nayenso anafooka, ndipo 2007 tinalandira LA. Fansidar anatsalira amai apakati, wakuteteza. Zifukwa za kufookako ndi zingapo, koma chimodzi ndi ichi: munthu akamwa theka la muyeso, tizirombo tofooka tifa, tolimba titsala, ndipo udzudzu utitenga kunka nato kwa mnansi. Muyeso wa LA ndiwo kumwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Wamkuru alandira mibulu 24, namwa inai nthawi iri yonse. Mwana alandira 6, kapena 12, kapena 18, monga mwa kulemera kwache. Amwe atadya, makamaka chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro, pakuti mankhwalawa alowa bwino m'thupi ndi mafuta. Tsiku lachiwiri thupi lizizira, mwana nayamba kusewera, ndipo pamenepo mai ayesedwa kuti asungire mng'ono wache mibulu yotsala. Asatero. Ku Rwanda ndi ku Uganda ophunzira aona kale tizirombo toyamba kulimbana ndi mankhwala a mtundu uwu. Ndipo opanga mankhwala atsopano satha chaka chimodzi kapena ziwiri.

Tanena kuti mankhwala afika pamene pali wowerenga. Kodi wowerengayo ayenera kuchokera ku Geneva? Iai. Pa chipatala chaching'ono chiri chonse payenera kukhala komiti ya anthu a m'midzi yozungulira, ndipo mwa nchito zache muli iyi: kukhalapo pamene galimoto itsitsa katundu, kuwerenga mabokosi pamodzi ndi anchito, ndi kusaina kuti afikadi. Nchito imeneyi ifuna munthu wodziwa kuwerenga, wosaopa nkhope, wosalandira kanthu m'manja. Ndipo ambiri a inu owerenga kalata uyu muli otero. Musakane posankhidwa. Ndipo mukalowamo, musalowe ngati wapolisi wodzagwira mbala, pakuti anchito ambiri ndi okhulupirika, ndipo agwira usana ndi usiku ali owerengeka. Komiti yabwino itchinjiriza namwino wolungama ku mabodza a m'mudzi, pakuti ikhoza kuimirira pa msonkhano wa mfumu ndi kuti, Tinaona ndi maso athu, mwezi uno anaitanitsa zakuti, koma zinafika zakuti.

M'midzi yakutali ndi chipatala, kuyambira 2008 alangizi a za umoyo ena asunga bokosi la mankhwala a ana osafika zaka zisanu: a malungo, a chibayo ndi a kutsegula m'mimba. Mudziwe tsiku limene mlangizi wa kwanu atsegula, ndipo mwana akatentha thupi musalindire kuti kuche kawiri. Ndiponso kuyambira 2018 pa zipatala paikidwa munthu wolandira madandaulo, amene amucha Ombudsman wa chipatala. Ngati wina akupemphani ndalama pa mankhwala a Boma, nenani kwa iye kapena kwa komiti, mutchule tsiku ndi dzina la mankhwala. Dandaulo la pa chitsime litha ndi madzi omwewo. Lolembedwa lifika kwa akuru.

Chotsala ndi mvula. Tonse tikumbukira March 2023, m'mene namondwe Freddy anagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'phiri, nadula miseu ndi milatho m'Mulanje ndi m'Phalombe, anthu mazana ambiri natayika. Mwa opulumuka munali ambiri amene mabotolo ao ndi timabuku tao ta chipatala zinapita ndi madzi, ndipo m'misasa ena sanathe kunena dzina la mankhwala amene amwa zaka khumi. Chifukwa chache, inu amene mumwa mankhwala a masiku onse, lowezani dzina lache ndi muyeso wache, muuzenso munthu mmodzi wa m'nyumba mwanu. Kabuku ndi botolo zikhale m'pepala la pulasitiki, pamalo pamene mukhoza kuzitola mumdima. Amene amwa ma ARV mokhulupirika, ndipo magazi ao aoneka bwino, aloledwa kulandira a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Ngati tsiku lanu lokatenga ligwa m'January kapena m'February, ndipo pakati pa inu ndi chipatala pali mtsinje, kafunseni dotolo mwezi wa November, Likhubula asanadzale.